Kukuza bowo la chogwirira cha cork pa rodi yowedzera: tupa, reamer, dirilo kapena chitsulo chamoto?

Amene munayesapo kumanga rodi yowedzera nokha, kaya kungosintha chogwirira chodyeka pa rodi yakale yomwe munaitola pa kaunjika, mukudziwa pomwe ntchito imakakamira. Blank ilipo, ndikunena ndodo yeniyeniyo ya faiba kapena ya kaboni isanamangiridwe kanthu kalikonse, chogwirira cha cork nachonso chilipo mwina mwachita kutumiza kwa m'bale wanu ali ku Johannesburg, nde mukati muchilowetse chikungotsika pang'ono basi chaima nji pakati pa ndodo, kutalitali ndi malo ake. Sikuti anakugulitsani cholakwika ayi. Zogwirira zambiri zimabwera ndi kabowo ka kota ya inchi, ndekuti mamilimita 6 ndi kanthu pang'ono, pomwe tsinde la rodi yoponyera wamba limakhala cha m'ma 12 kapena 15, ndipo marodi akuluakulu aja oti nkukokera kampango pa Senga Bay ena amapitirira 20. Opangawo amasiya dala bowo laling'ono kuti aliyense akalikuze yekha molingana ndi ndodo yake.

Chimene chimandichititsa ine kusamala kwambiri nchakuti cork kuno si chinthu choti ukaononga ungothamangira pa Malangalanga mu Lilongwe muno kukagula china. Ndi khungwa la mtengo wina wa oak umene umamera ku Portugal, Spain ndi maiko a kumpoto kwa Africa monga Morocco ndi Algeria, ndipo Portugal yokha imatulutsa pafupifupi theka la cork yense wa padziko lapansi. Mtengowo amayamba kuusenda ukafika zaka ngati 25, akatero amadikira zaka 9 kuti asendenso, ndipo khungwa la ulendo woyamba ndi wachiwiri silikhala labwino kwenikweni, labwinolo limayamba ulendo wachitatu mtengo utapitirira zaka 40. Nde kachinthu kopepuka kamene mwagwira m'manjako kachokera kutali, ndipo zimene mwapala mkatimo sizibwereranso.

Musanagwire chida chilichonse mvetsani ichi kaye, chifukwa njira zonse zimene nditchule ndikuziyeza ndi chinthu chimodzi chomwechi. Blank si paipi ya madzi yofanana kukula konsekonse. Ndi yonenepa kutsinde nkumanka nichepa kulowera kunsonga, ndiye bowo labwino nalo lizikhala chimodzimodzi, lalikulu kumbuyo laling'ono kutsogolo, kuti cork agwire ndodo paliponse. Bowo likakula pakati koma kumapeto kuli kothina, kunja kumaoneka bwinobwino koma mukadina ndi chala pamafewa ngati pali mphako, mlamba ukakoka mumamva kulira mkati, tsiku lina cork amang'aluka pamenepo. Ndiye yezani kaye. Ikani katepi pa blank pamene chogwirira chidzayambire ndi pamene chidzathere, muyeze kunenepa kwa malo awiri onsewo. Vaniya, kachida koyezera kunenepa kwa zinthu, ngati mulibe amakaniko aku Biwi ali nazo, mphindi imodzi yokha akuyezerani, apo ayi zungulizani ulusi pa ndodo, muyeze ulusiwo pa rula nkugawa ndi 3.14, mupeza nambala yoyandikira.

Funso lina loti mudzifunse ndi lakuti chogwiriracho chilowera mbali iti. Pa rodi yatsopano imene simunamange timphete todutsa chingwe, chimalowera kunsonga nkutsetsereka mpaka kutsinde, ndipo apa mpamene bowo losongoka limagwira ntchito. Koma ambiri a ife kuno sitimanga zatsopano, timakonza zakale, timphete tilipo kale ndipo sitikufuna kutimasula, ndekuti chogwirira chilowera kutsinde komwe kuli konenepa kwambiri. Nkhani yake imasintha pamenepo, ndifikako.

Njira imene munthu wa kuno aliyense amayamba kuganiza ndi ya moto. Tinakula tikuona agogo akuika msuka wa khasu pa makala mpaka kufiira psu nkuboolera mpini, utsi uli tolo, mpini nkugwira zaka osagwedera. Nde munthu amati bwanji ndingotenthetsa chitsulo pa mbaula ndilowetse. Pa mtengo ndi pa nsungwi zimatheka, pa cork chonde ayi. Cork sayaka msanga koma amapserera, mkati monse mumasanduka makala ofumbutuka, guluu mukadzapaka amagwira pa mwaye m'malo mogwira cork weniweni, pakapita miyezi chogwirira chimayamba kuzungulira chokha pa ndodo. Kuonjezera apo chogwirira chimenechi si chinthu chimodzi, ndi timaringi tambiri tomatidwa pamodzi, kutenthako kumafooketsa guluu amene anatilumikiza. Ndipo moto simungauuze kuti ima pa mamilimita 13. Iyi ndiye ndikuichotseratu.

Yachiwiri ndi dirilo ndi biti wamba, zija zopotoka zoboolera chitsulo kapena matabwa. Apa ndikuyankhula zondichitikira. Chogwirira changa choyamba ndinachidikira miyezi ingapo kuti chifike, nditachilandira ndinayeza tsinde ndinapeza 12, ndinatenga biti ya 12 nkuyatsa dirilo. Biti yotere imadzikoka yokha kulowa mkati ngati sikuluwu, ndisanazindikire inali italuma cork, chogwirira chinazungulira m'manja nkung'aluka kumbuyo, nditaitulutsa ndinapeza bowo lapita pambali, khoma mbali ina lonenepa mbali ina lopyapyala ngati chikhadabo. Zinandiwawa kwambiri. Vuto ndi lakuti cork ndi wofewa komanso amabwerera ngati siponji, biti siimudula bwino koma imamukadzula, ndipo popeza bowo lilipo kale nsonga ya biti ilibe poponda, imangoyenda kumene yafuna. Ngati palibiretu china, kwerani pang'onopang'ono, 7, kenako 8, kenako 9, dirilo izizungulira chobwerera kuti biti izipala m'malo moluma, muboole theka kuchokera uku theka kuchokera uko, ndipo muime mamilimita awiri musanafike pa nambala yanu kuti mumalize ndi china. Koma ngakhale zitayenda bwino, bowo lake ndi lowongoka, silitsata kusongoka kwa ndodo.

Tupa lozungulira lija looneka ngati mchira wa khoswe, ena amangoti fayilo, ndiye chida chimene ambiri tinayambira ndipo sindikuchinyoza. M'mashopu a hadiweya ku Old Town limapezeka, akalipentala aku Mchesi ali nalo, silifuna magetsi, ndipo poti limapala pang'onopang'ono nkovuta kuti muononge zonse nthawi imodzi. Sankhani la mano akuluakulu, la mano osalala limangodzaza utuchi osadya kanthu. Kagwiridwe kake, lowetserani kumbuyo komwe kukufunika kukula kwambiri, kankhani katatu kapena kanayi, potolozani chogwirira pang'ono m'manja, kankhaninso, choncho choncho mpaka mwazungulira, ndipo muziwerenga ndithu kuti mbali iliyonse ilandire mofanana. Mukangoiwala kupotoloza bowo limakhala ngati dzira. Vuto lina ndi kutalika, matupa ambiri amathera pa masentimita 20 kapena 25, pomwe chogwirira chakumbuyo pa rodi yoponyera ndi manja awiri chimatha kufika 30, nde mumakakamizika kulowera mbali zonse ziwiri, ndipo dzanja mwachibadwa limapendeka, mapeto ake pakamwa ponse pawiri patakasuka koma pakati pakadali pothina. Mukayesa pa ndodo chikukana, mumaganiza kuti bowo lonse ndi laling'ono, mumapitiriza kupala pakamwa pomwe pakula kale. Kuti mudziwe pamene pakugwira, pakani choko pa blank, lowetsani chogwirira mpaka pomwe chaima, potolozani pang'ono, mukachitulutsa onani pomwe choko chafufutika. Pamenepo mpamene mupale. Pa chogwirira chachifupi cha kutsogolo kwa reel, kachida kokulungira chingwe kaja, kapena pamene mukungofuna kuonjeza milimita imodzi kaya ziwiri, tupa likukwanira, musavutike nkusaka zina.

Chida chenicheni cha ntchitoyi amachitcha reamer. Ndi kandodo kosongoka ngati blank yomwe, katali pafupifupi theka la mita, kokutidwa ndi zokhakhala, zina amamata mchenga wake mwachindunji zina amakulunga kalamba ka sandipepa mopota. Makampani ogulitsa zomangira marodi monga Mud Hole ya ku Florida amagulitsa zingapo pamodzi kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, mumayamba ndi imene ikulowa, ikalowa yonse mumatenga yotsatira. Ubwino wake ndi woonekeratu, imadya bowo lonse nthawi imodzi kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo ndipo imasiya kusongoka kuja, imadzikhazika yokha pakati kusiyana ndi tupa. Koma ine mu Lilongwe muno sindinaionepo pa shelefu, ndekuti kuitanitsa kunja, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu kuphatikiza zotumizira, munthu amene akufuna kumanga rodi imodzi kapena ziwiri pachaka sindingamuuze kuti agule. Amene mukufuna kuti ikhale bizinesi, muzikonzera anthu marodi, gulani, idzabweza ndalama yake.

Tsopano imene ine ndimaikonda, ndipo ndikhalitsapo pang'ono, ndi reamer yopanga wekha. Rodi yothyoka musamataye amwene. Aliyense wowedza ali nayo ina pakona, kaya inathyokera pa chitseko cha minibasi popita ku Salima kaya mwana anaiponda, ndipo zothyokazi pa kaunjika amagulitsa motchipa poti palibe amazifuna. Chidutswa chimenecho chili kale ndi kusongoka kumene tikufuna. Metani timphete tonse ndi lezala, palani guluu wakale mpaka pasalale, dulani chidutswa cha masentimita 40 kapena 50. Podula kulungani katepi pamalopo ndipo mudule ndi sowo ya chitsulo ya mano ang'onoang'ono kuti faiba isayoyoke, tizingwe take tikalowa m'chala timapweteka masiku, fumbi lakenso musapume.

Sandipepa yake ikhale ija ya nsalu kumbuyo, monga malamba a makina opalira matabwa, akalipentala akamaitaya imakhala ikadali ndi mphamvu yokwanira cork. Ya pepala imang'ambika ulendo woyamba womwewo. Nambala 40 kapena 60 ndi yodya msanga, 80 ndi yomalizira. Ng'ambani kalamba kotalika, m'lifupi sentimita imodzi, pakani guluu wa nsapato pa ndodo ndi kumbuyo kwa kalambako, dikirani aume mpaka asamamatirire chala monga amachitira osoka nsapato, kenako kulungani mopota kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amaphonya. Choyamba siyani mpata pakati pa mizere, theka la sentimita kaya kuposerapo, musagundanitse, mpata umenewo ndi ngalande yotulukira utuchi, popanda iyo reamer imatsamwa nkuyamba kutentha. Chachiwiri onetsetsani mbali imene mwakulungira, ikhale yoti mukamapotoza mkati mwa cork kalambako kazimangika osati kumasuka. Mapeto onse awiri mangani ndi ulusi wolimba nkudontheza supa guluu, chifukwa kumasuka kumayambira kumeneko. Isiyeni igone usiku umodzi.

Musaiwale kuti sandipepa imaonjeza kunenepa, ya nambala 40 ikazungulira ndodo imatha kuonjeza mamilimita awiri kapena kuposa, ndiye chidutswa chimene mukusankha chikhale chochepa kuposa blank imene mukumanga. Ine ndili nazo zitatu zochokera pa rodi imodzi yothyoka, ya kunsonga imene imalowa m'bowo la 6, yapakati, ndi ya kutsinde. Ikakhala kuti yothyokayo ndi yofanana mtundu ndi imene mukumangayo ndiye mwachita mwayi, kusongoka kwake kumangogwirizana. Ena m'malo mwa kalamba amapaka epoxy, guluu wolimba uja wosakaniza ziwiri, pa ndodo nkuwaza mchenga wosefa, imagwira ndithu ntchito, koma timchenga timathothoka nkutsalira mkati mwa cork, mukalowetsa blank timakanda ndodo kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pa kaboni mkwasa wozama ndi pomwe rodi imadzathyokera. Nchifukwa chake ine ndimakonda ya kalamba.

Pogwiritsa ntchito, kulungani kaye tepi ya openta ija kumapeto onse awiri a chogwirira, kawiri katatu, kuti m'mphepete musabenthuke. Lowetserani kumbuyo, kankhani mukupotoza mpaka mwamva kuti yagwira, bwezani, gogodani utuchi, potolozani chogwirira m'dzanja, lowetsaninso. Musaikakamize ngati mukukhoma chikhomo, chifukwa reamer ndi yosongoka, mukaikankha mwamphamvu imang'amba cork kuchokera mkati. Ikalowa mwina masentimita awiri atatu, itulutseni, uzirani m'bowo mwamphamvu kapena pititsani kansalu ndi waya, mukayese pa blank. Kuyesaku kumatopetsa, mumatha kuyesa kakhumi pa chogwirira chimodzi, koma akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chogwirira chikamayandikira katepi kanu, chepetsani, chifukwa ndodo imasongoka pang'onopang'ono kwambiri moti kupala kochepa chabe kumachitsitsa masentimita angapo.

Nanga kuika reamer kapena tupa pa dirilo? Zimatheka ndipo ntchito ya ola limodzi imatha mphindi zochepa, koma apa mpamene zogwirira zambiri zimafera. Ngati ndi reamer yopanga nokha, kumbukirani kuti ndodoyo ndi yamphako, mukaimanga pa dirilo imaphwanyika, nde matani kabawuti mkati mwa tsinde lake ndi epoxy kuti dirilo izigwira kabawutiko. Iziyenda pang'onopang'ono. Ikathamanga imatentha, guluu wa nsapato akatentha amafewa, kalamba kamasuka mkati mwa cork nkuunjikana malo amodzi, chogwirira chimaphulika m'manja. Mukamva kuti cork wafunda imani. Tupa nalo ngati mwalimanga pa dirilo lizizungulira chobwerera, mukaliyendetsa kutsogolo mano ake amalikokera mkati ngati biti ija ndinanena. Ndipo dzanja logwira chogwirira muzilimasula pang'ono nthawi ndi nthawi kuti chizungulire nkugwira pena, mukachigwira malo amodzi bowo limathawira mbali imene dzanja likukankhira. Mmene ndimachitira ine, dirilo ndimayamba nayo pamene pali zambiri zoti zichoke, mwachitsanzo kuchoka pa 6 kufika cha m'ma 11, zotsalazo ndimamaliza ndi manja. Tsiku limene magetsi athima ndimangoyamba ndi manja mpaka kumapeto, ndipo kunena zoona zimene ndinapala ndi manja okhaokha ndi zimene zinakhala bwino kwambiri.

Tibwerere kwa aja okonza rodi yakale, chogwirira chikulowera kutsinde. Apa bowo losongoka silingathandize, chifukwa kukamwa kwa kutsogolo kuyenera kudutsa pa tsinde lonenepalo, ndekuti bowo lonse likhale lowongoka, lofanana ndi malo onenepetsetsa a ndodo, kutsogolo kudzatsala mpata ndipo mpatawo tidzautseka. Chimodzimodzi pa marodi akuluakulu amene bowo likuyenera kuchoka pa 6 kufika 20, kupala zonsezo ndi sandipepa ndi tsiku lathunthu. Chida chake ndi biti yaphanthi ija yoboolera matabwa koma yokhala ndi kachitsulo kotsogolera kamene kamalowa ndendende m'bowo lakale, nde biti siingathawire pambali. Flex Coat ya ku Texas imapanga zoterezi, zina zake mumayamba mwalowetsa mwendo wa biti m'bowo, nkumanga pa dirilo mbali inayo, biti nkumadula mukuikoka m'malo moikankha. Kuno munthu wodziwa kuwotcherera angathe kukulumikizirani kachitsulo kowongoka ka mamilimita 6 kunsonga ya biti wamba yaphanthi, bola kakhale pakatikati penipeni, kakapendeka ndiye zaipiratu. Boolani theka, tembenuzani, boolani theka linalo, musatulukire mbali inayo chifukwa potuluka biti imabenthula pakamwa. Ngati biti yotere palibe, reamer yomweyo ilowetseni mbali zonse ziwiri mosinthana mpaka bowo lifanane.

Kutseka mpata kuja, kulungani tepi ya openta pa blank m'magulu, gulu lililonse mpaka litafika pothina bwino m'bowo, kusiya masentimita awiri kapena atatu pakati pa gulu ndi linzake, ndekuti kutsinde tepi yochepa kapena osaika nkomwe, kutsogolo yambiri. Pomata epoxy adzaze mipata yonseyo ndipo akute tepi yonse mpaka m'mbali, chifukwa tepi ya pepala madzi akailowa imavunda. Ena amakulunga ulusi wa thonje mopota m'malo mwa tepi, umamwa guluu nkuuma gwa, ndipo ndikuona kuti pa rodi imene izinyowa kawirikawiri ulusi ndi wabwino kuposa tepi. Njira imeneyi imalemeretsa rodi pang'ono poti guluu amalowa wambiri, ndipo pa karodi kopepuka koponyera ntchentche zopanga kaja amawedzera nsomba za trout ku Nyika mungamve kusiyana, koma pa rodi ya mlamba palibe angadziwe. Ndi njira yomweyinso imene imapulumutsa chogwirira chimene mwachipala mopitirira, musachitaye.

Pali njira ina imene imazemba vuto lonseli, kugula timaringi ta cork m'malo mwa chogwirira chopangidwa kale. Kamodzi kamakhala mainchi 1.25 m'mimba mwake, ndekuti mamilimita ngati 32, kunenepa theka la inchi, bowo kota ya inchi, moti chogwirira cha mainchi 7 chimadya timaringi 14. Kalikonse mumakakuza pakokha ndi tupa, masekondi ochepa chabe, mpaka kafike pamalo pake pa ndodo, mumalemba manambala ndi pensulo kuti musasokoneze, kenako kumata tonse pa blank nkufinya. Kugwira kwake palibe njira ina ingafanane nako, ndipo olo bowo la kamodzi litapita pambali zilibe kanthu chifukwa kunja mudzasema pambuyo. Koma kusemako ndiye ntchito, pamafunika chozunguza ndodo yonse uku mukupala ndi sandipepa, ndipo mukalakwitsa mwalakwitsira pa rodi penipeni, kuchotsa kwake nkuchita kusenda ndi mpeni. Woyamba kumene sindingamulimbikitse kuyambira apa.

Pa timaringi pomwepa, amene munaphunzira sayansi ku sekondale mukukumbukira timapaipi tonola kukamwa tija ta mu labu toboolera zotsekera mabotolo. Timadula cork bwino kwambiri, koyera, osakadzula, mumangopotoza ndi dzanja mutanyowetsa pang'ono. Mungathe kupanga kanu ndi kapaipi kopyapyala ka kopa kapena ka ambulera yakutha, kunola mkombero ndi tupa. Pa chogwirira chachitali sikangathandize chifukwa kamasochera mkati, koma pa karingi kamodzi kapena pa zotsekera mabotolo a vinyo ndi kabwino. Ndatchula zotsekera vinyo chifukwa ndiye cork amene tingamupeze kuno osaitanitsa, m'mahotela ndi m'malo odyera amangotaya. Chimodzi chimakhala mamilimita ngati 24 m'mimba mwake, nde pa ndodo ya 12 khoma limatsala 6 mbali iliyonse, pa rodi yaing'ono zikukwana, pa yaikulu ayi. Sankhani za cork weniweni, zija za tizidutswa tomatidwa zimanyenyeka mukamaboola, zapulasitiki ndiye zisiyeni. Ngakhale simukufuna kumangira rodi, tolani zingapo muyeserepo reamer yanu yatsopano musanakhudze chogwirira chenicheni.

Mwina wina afunsa za zogwirira zakuda zofewa zija za EVA zimene zili pa marodi ambiri otchipa. Zimenezo zimatamuka, bowo likachepa pang'ono mumangopaka guluu nkukankha zimalowa. Cork satamuka choncho, mukamukankha ngati EVA amang'aluka.

Ndiye mudziwa bwanji kuti bowo lakwana? Chogwirira chouma, chopanda guluu, chizitsetsereka mpaka kutsala sentimita imodzi kapena ziwiri kuti chifike pa katepi kanu, ndipo pamenepo mukakankha ndi zala ziwiri mopanda kulimbana chizifika. Epoxy akakhala wamadzi amaterera, ndiye chimene chikuthina pang'ono pouma chidzalowa bwino pomata. Chikamafuna mphamvu ya mkono wonse, palaninso, chifukwa kothina kwambiri kumakokolola guluu yense nkumusiya pamwamba, mkati nkukhala mouma. Mukachigwedeza chili pamalo pake chisagwedere kumbuyo kapena kutsogolo, ndipo kukamwa kwa kutsogolo ndi kumene muzikusamala kwambiri poti nkomwe kumaoneka, kampata kakang'ono kamabisika ndi karingi ka labala kapena ulusi womangira, kakakula kamaonekabe.

Pomata, kwechani pang'ono blank ndi sandipepa yosalala pamalo pokhapo pamene chogwirira chikhale, kungochotsa kunyezimira osati kufika pa faiba. Gwiritsani epoxy wosakaniza ziwiri koma wouma mochedwa, uja wa mphindi 5 amakugwirirani chogwirira chili pakati pa ulendo ndipo sichibwerera kapena kupita. Pakani kuyambira pamwamba pang'ono pa malo ake kuti chikamatsika chizitenga guluu, tsitsani mukupotoza, wotuluka m'mbali pukutani msanga ndi kansalu konyowetsa spiriti asanaume, makamaka amene wagwera pa cork chifukwa akauma amasiya banga lolimba losachoka. Tepi ija munakulunga kumapeto muichotse mutatha kupukuta, imikani rodi pakona tsinde lili pansi, ndipo musaiyese kupinda mpaka mawa lake.